Relay yakanirira, mazira a ngongole apsa

Membala wobisa dzina: Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Ndinapanga inkyubeta, makina oswetsera mazira, ndi kakompyuta ka Arduino Uno, sensa yoyeza kutentha ya DHT22 ndi relay, switchi yoyatsira chotenthetsera pa magetsi a 230V. Ndimafuna kutentha kuzikhala pa madigiri 37.5. Chiikireni PID, pulogalamu yowongolera kutenthako, relay imangoti khekhekhe usiku wonse, mayi akunyumba osagona. Dzulo yakanirira osazimanso mpaka 43. Mazirawo ndi a ngongole kwa alamu anga, omwewo amene amandinena kuti ndalama ndimangothera mawaya. Eni nyumba nawonso akuti ndikuwamalizira mayunitsi. Vuto lili pati?

Fundi wa ku Ndirande: PID PA RELAY WAMBA? Achimwene, mkatimo muli timano tachitsulo. Tikamagundana pafupipafupi timathetheka moto, mapeto ake timawotcherana. Gulani SSR basi, relay yopanda timano, ndanena kambirimbiri pagulu pano!

Mayi wa Nkhuku: Pepani bambo. Anga anafa atatsala pang'ono kuswa, magetsi atazima tsiku lonse. Pano ndinabwerera kwa thadzi, masiku 21 anapiye phwii.

Mphunzitsi Wopuma: Chotenthetseracho ndi cha mawati angati? Ndi mababu kapena element? Simunanene.

Kamnyamata ka Solder: SSR ndi ulesi madala. Dzipangireni nokha ndi kaswitchi ka triac ka BT136 ndi kachipu koyatsira triac ka MOC3021, nkumadula wave iliyonse ya magetsi, kutentha kumayenda myaa.

Fundi wa ku Ndirande: Iwe, munthu walephera relay ukumutuma kukasaka zero crossing, pomwe wave ya magetsi a 50Hz imadutsa pa ziro? Ukufuna tikaimbe nyimbo za maliro? Kutentha sikuthamanga, kudula wave nkwa chiyani? PID izingouza SSR kuti pa masekondi 5 aliwonse iyake angati. Zatha!

Kamnyamata ka Solder: SSR zanu zija zambiri nzachinyengo, zolembedwa 40A koma mkati katriac kakang'ono. Ndipo ikapsa imakanirira ili choyaka.

Fundi wa ku Ndirande: Ndiye amaikirapo heatsink yoziziritsira ndi thermostat yodula magetsi payokha kukatenthetsa! Ndinayamba mawaya usanabadwe iwe.

Nachisale: Ngati ndalama palibe, chotsani PID. Iziyaka pa 37.3, izizima pa 37.7. Muikemonso fani, sensa ikhale molingana ndi mazira. DHT22 imawerenga kamodzi pa masekondi 2.

Gogo Chenjezo: Fuse ilipo? Kapena mawaya a 230V ali pamtunda ana akukwawa pomwepo? Anthu inu mulibe mantha.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Alamu aja angoimba kumene, akuti Loweruka akufuna ndalama zawo. SSR ikupita pa zingati?

Mphunzitsi Wopuma: Mawati aja bambo, kuti tidziwe kukula kwake.

Fundi wa ku Ndirande: Tengani yaikulu, osamvera ana!