Za kabokosi ka geocache kudambo lija: ndafika apa

Mwezi watha ndinafunsa ngati ndingabise kabokosi ka geocache (masewera obisa timabokosi kuti ena azitifunafuna pogwiritsa ntchito GPS) m'mabango a dambo lotetezedwa kufupi ndi Cape Town kuno. Zikomo nonse amene munayankha, makamaka achimwene amene munati ndiyambe ndakumana ndi oyang'anira malowo.

Ndinapita kukacheza nawo, ndipo anandilola, koma osati m'mabangomo. Chifukwa chake n'chomveka: kabokosi kamodzi kamakoka anthu ambiri, aliyense n'kumapondaponda pofunafuna, mpaka pamatuluka kanjira pomwe mbalame zimamanga zisa. Komanso kuno mvula imagwa nthawi yozizira, kuyambira cha mu June mpaka August, ndipo malo ouma mu February amakhala atamira. Chomwe chinandigwira mtima kwambiri ndi achule aja otchedwa western leopard toad. Ali pangozi yotheratu, ndipo cha mu August amatsikira m'madambo a kuno kukaikira mazira. Sindingafune kuti masewera athu awasokoneze.

Tsopano kabokosiko, kakang'ono kosalowa madzi, kali pansi pa benchi m'mbali mwa njira ya matabwa, moti wokafuna sachoka panjira. Sindinakumbe, poti malamulo a Geocaching.com, webusaiti ya masewerawa, amaletsa kukwirira. Muli kabuku kolembamo mayina basi; chakudya kapena chilichonse chonunkhira ayi, chimaitana nyama.

Wowunika wa Geocaching.com, amene amavomereza timabokosi tatsopano, anatsimikiza kuti pali mamita opitirira 161 kuchokera pa kabokosi kena, monga lamulo lifunira. Oyang'anira apempha kuti ndizikakaona mvula ikagwa yambiri, ndipo ndavomera.