Dyna yanga ikupukusa koma ikukana kulira, ndili pa Bembeke

Akuluakulu a m'gulu muno, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi Toyota Dyna ya injini ya 5L, ndimanyamulira mbatatesi ndi kabichi kupita ku Lilongwe. Dzulo madzulo ndinayimika ili bwinobwino, katundu tapakira kale. Lero 4 koloko m'mawa ndati ndilize, sitata ikupukusa mwamphamvu ndithu koma injini osagwira. Batire ndi yatsopano. Anyamata anandikankha pa mtsetse mpaka thukuta kamukamu ndi kuzizira konse kwa Juni kuno, koma ayi ndithu.

Ndisabise, dzana ndinathira malita 20 a dizilo wa m'chigubu chifukwa pa filling panali pouma. Eni kabichi akungondiyimbira, foni ndachita kuyiika m'thumba. Ndiyambire pati?

Dalaivala wa ku Tsangano: Achimwene, amenewo ndi ma hita basi, mapulagi otenthetsa mkati mwa injini isanalire aja. 5L ndi kuzizira kwa ku Dedza sizimvana. Thirani madzi otentha pa injini, iyankha.

Makaniko wa pa Ntcheu boma: Musathamangire kugula ma hita bwana. Wina apukuse, inu mukaime ku ekizozi. Ukamatuluka utsi woyera wonunkha dizilo, ndiye kuti mafuta akufika koma sakuyaka, pamenepo tikambe za ma hita, relay yake (kaswitchi kowapatsa magetsi) kapena compression (mphamvu yopanikiza mpweya mu injini). Ngati kulibe utsi, mafuta sakufika n'komwe. Komanso musapukuse kupitirira masekondi 10 kapena 15 nthawi imodzi, muwotcha sitata.

Mwini funso: Tayesa madala. Utsi kulibe, kanangotuluka pang'ono poyamba paja.

Makaniko wa pa Ntcheu boma: Ndiye tatsatani mafuta. Tsegulani kiyi osapukusa, khutu lili pa pampu ya dizilo. Pali solenoid ya waya umodzi yotsegulira ndi kutsekera mafuta, imayenera kumveka kuti "tha". Ikakhala chete onani fyuzi ndi wayayo. Ikamveka, pitani pa fyuluta. Pansi pake pali kokhetsera madzi, masulani mukhetsere m'botolo loyera. Madzi amalemera kuposa dizilo, ndiye mukadikira pang'ono muwaona akhala pansi. Mukatero dinani kapampu ka pamwamba pa fyuluta mpaka kalimbe. Kakamangofewa, penapake payipi ikuyamwa mpweya. Pomaliza masulani pang'ono manati a mapayipi a ma injector ndi sipanala 17, pukusani mpaka thovu lithe patuluke dizilo yekhayekha, n'kumanganso. Dzanja lisayandikire pamenepo, mafuta ake amatuluka ndi mphamvu yoboola khungu.

Membala wina: Ingofayirani petulo ku air cleaner, ife timatero.

Makaniko wa pa Ntcheu boma: Pa injini ya ma hita? Mukufuna bamboyu agule injini ina? Musayerekeze. Chinanso bwana, 5L imayendera timing belt. Ngati ikupukusa mopepuka ndi mothamanga kuposa masiku onse, siyani kaye, lamba angakhale waduka.

Mwini funso: Ndabwerako. Solenoid ikumveka, lamba ali bwino. Koma zomwe zatuluka mu fyuluta, abale inu! Pafupifupi theka la botolo la Fanta madzi okhaokha, pansi pali timatope tofiira. Ndatuma mwana pa kabaza wanjinga yamoto kukagula fyuluta ku Dedza boma, tamanga, tachotsa mpweya, yalira pa ulendo wachitatu ngakhale ikutsokomola. Funso langa tsopano: dizilo wotsala m'thankimu ndikhetse yense, kapena ndingayende naye mpaka ku Lilongwe ndikumakhetsa fyuluta m'njira?

Makaniko wa pa Ntcheu boma: Khetsani yense. Pampu ndi yodula kuposa kabichi ali pamwambayo.