Kodi kugwira foni pa maloboti ndi mlandu kuno ku UK?

NaBanda_Leeds:
Abale amene mwakhalitsa kuno, ndithandizeni. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo kuno ku Leeds, ndiye tsiku lonse ndimakhala pamsewu, kuchoka kwa agogo awa kupita kwa agogo ena. Laisensi ya kuno ndinaipeza chaka chatha, itatha miyezi 12 imene amatilola kuyendera ya kwathu. Vuto langa ndi foni. Ndandanda ya ntchito ili pafoni, mapu ali pafoni, a ku ofesi akasintha nyumba yoti ndipite amaimbanso pafoni yomweyo, ndipo ukapanda kuyankha amayamba kudandaula. Mnzanga wina akuti pa maloboti ofiira palibe mlandu chifukwa galimoto yaima. Wina akuti ngakhale kungoikhudza ndi mlandu. Zoona zake n'ziti? Popanda galimoto ntchito imeneyi sindingaigwire.

Malume_Phiri:
Achemwali, mnzanu woyambayo akuikani m'mavuto. Pa maloboti, kapena pamzere wa magalimoto, lamulo limakuonani kuti mukuyendetsabe. Ine ndimayendetsa basi ku Manchester ndipo nkhani imeneyi amatikumbutsa kawirikawiri.

Lamuloli linayamba mu Disembala 2003, koma chilango chake chinali chochepa. Mu Marichi 2017 anachikweza kufika pa £200 ndi mapointi 6 a chilango pa laisensi. Miyezi ingapo m'mbuyo mwake, mu Ogasiti 2016, dalaivala wa lole amene ankasankha nyimbo pafoni anaomba magalimoto oima pamsewu wa A34 kufupi ndi Newbury, n'kupha mayi ndi ana atatu. Anamugamula zaka 10.

Panatsalabe mpata wozembera. Mu 2019 bambo wina amene anajambula ngozi ndi foni akuyendetsa anapambana ku High Court, chifukwa lamulo lakale linkangoletsa kulankhulana ndi munthu kapena kutumiza uthenga. Mpata umenewo anautseka pa 25 Marichi 2022. Panopa foni ikangokhala m'dzanja n'kuigwiritsa ntchito, kaya mukuona nthawi, kaya mukujambula, kaya mukusintha nyimbo, ngakhale ilibe netiweki, ndi mlandu.

Koma inu chimene chikukukhudzani kwambiri ndi ichi. Munthu amene sanakwanitse zaka 2 chikhozereni mayeso, akafika pa mapointi 6 laisensi amamulanda. Ndiye kuti kwa inu kugwidwa kamodzi kokha n'kokwanira. Mudzabwerera pa laisensi ya ophunzira (provisional), n'kuyambiranso mayeso onse awiri, olemba ndi apamsewu. Ife akale timalandidwa tikafika pa 12 m'zaka 3.

Chisomo_Notts:
A Malume anena zoona, koma NaBanda musachite mantha mpaka kuzimitsa mapu. Gulani kachogwirira foni kaja komata pagalasi kapena padashibodi, muike posatchinga msewu, adiresi mulembe musanalize injini. Zimenezo n'zololedwa, komanso kuyankha pa Bluetooth n'kololedwa. Chongosamala n'chakuti apolisi akaona kuti maso anu ali pafoni ndipo galimoto ikupepeluka, akhozabe kukuimitsani pa mlandu wina, wosawongolera bwino galimoto, umene uli ndi mapointi 3.

Foni m'dzanja amalola poimba 999 kapena 112, manambala a zadzidzidzi, pamene kuima sikungatheke, polipira pa mawindo aja ogulira chakudya uli m'galimoto itaima, ndiponso mukaimika pamalo abwino. Ine ndikaimika ndimazimitsanso injini kuti pasakhale zokangana.

Mjomba_CapeTown:
Kuno ku Joni nakonso n'koletsedwa dziko lonse, ndipo ku Cape Town mu 2012 apolisi a mzinda anayamba kulanda foni yomwe, ukakaitenga ukalipire. Anyamata athu operekera zakudya panjinga zamoto ndi amene amavutika nazo, poti ntchito yawonso ili pafoni.

NaBanda_Leeds:
Zikomo nonse. Zoti kamodzi kokha laisensi yapita, zandiopsa ndithu. Nanga a ku ofesi aja ndiwatani? Amaimba kawiri katatu motsatizana, ukafika n'kukufunsa chifukwa chake sumayankha.

Malume_Phiri:
Alembereni uthenga lero lomwe, uwakhalire umboni: kuti mukakhala pachiwongolero simuyankha, mudzawaimbira mukaima. Palibe bwana amene angayankhe molemba kuti thyolani lamulo. Ndipo tsiku limene apolisi adzakugwireni, £200 ija idzatuluka m'thumba mwanu, inshuwalansi idzakwerera inu, mapointi adzakhala pa dzina lanu zaka 4, pomwe woimba foni uja ali phee muofesi. Nkhani ikapita kukhothi chindapusa chitha kufika £1,000, ife a mabasi ndi malole £2,500.

Pa za Bluetooth ndisiyane pang'ono ndi Chisomo. Lamulo likulola, inde, koma ine sindiyankha ngakhale pamenepo. Munthu akamakuuza adiresi yatsopano ndi mankhwala a agogo, manja ali pachiwongolero koma maganizo apita kwina. Misewu imene inu mumayendamo ndi ya m'makomo, ya ana a sukulu ndi magalimoto oimikidwa mbali zonse. Pa liwiro la mamailosi 30 pa ola galimoto imadutsa mamita 13 pa sekondi imodzi. Kungoyang'ana amene akuimba, masekondi awiri, mwapitirira nyumba zingapo osaona chilichonse. Ine ndili pamwamba m'basi ndimawaona tsiku lililonse anthu oweramira pamiyendo pa maloboti, kubiriwira kukayaka amangonyamuka osayang'ana ngati pali wina amene sanamalize kuwoloka.

Ngati ndandanda yawo siikupatsani mphindi zoimira pambali n'kuyankha, auzeni aikonze. Mukalemba uthengawo musunge kope lake.