Kodi mawu oti boycott anachokera kuti?

Nankhoma wa ku Ndirande:
Abale, mwana wanga ali fomu 3 ndipo wandifunsa kusiyana kwa boycott ndi sitalaka. Pa wailesi zonsezi amangoti kunyanyala. Ndithandizeni, ndikufuna ndimuyankhe zoona zake.

Che Mbewe, Limbe:
Mayi, limenelo ndi dzina la munthu. Charles Boycott anali kapitawo wa minda ya Lord Erne ku County Mayo, m'dziko la Ireland. Mu 1880, zokolola zitavuta, alimi anapempha kuti lendi itsike, koma iye anayamba kuwathamangitsa m'minda. Anthu a m'deralo anagwirizana zomusala. Antchito ake anasiya kukolola, eni masitolo anakana kumugulitsa katundu, ngakhale makalata ake anasowa wobweretsa. Mbewu zake anakolola ndi anthu ochokera kwina, asilikali akuwalondera, ndipo chaka chisanathe anachoka ku Ireland. Nyuzipepala zinayamba kugwiritsa ntchito dzina lake chaka chomwecho.

Aphunzitsi a ku Chilomoni:
Sitalaka ndi ya antchito kukana kugwira ntchito kwa bwana wawo. Boycott ndi kukana kugula, kukwera kapena kutenga nawo mbali. Makondakitala akaimika maminibasi pa Limbe, ndi sitalaka. Ife okwera tikagwirizana kuyenda wapansi mpaka mtengo utsike, ndiye boycott. Anthu akuda a ku Montgomery, ku America, anachitadi zimenezi ndi mabasi kuyambira mu 1955, kwa chaka chathunthu. Pamayeso asasokoneze ziwirizi, ana ambiri amaluza mamalikisi pamenepa.

Nankhoma wa ku Ndirande:
Zikomo kwambiri Che Mbewe ndi aphunzitsi. Chitsanzo cha minibasi achimva msanga, amakwera tsiku lililonse popita kusukulu.