Timu ya Buffalo Bandits inayamba liti?

okonda_masewero: Anzanga ndaonera gemu ya Bandits, timu ya mumzinda wa Buffalo ku America, pa intaneti, lacrosse yamkati ija (gemu yosewera m'holo ndi ndodo zokhala ndi kaukonde kogwirira mpira), ndiye yandisangalatsa heavy. Timuyi ndi yakale?

mkulu_wa_zigoli: Inayamba kusewera 1992 achimwene, ndipo chaka choyamba chomwecho anatenga chikho, 1993 anatenganso osaluza gemu ngakhale imodzi, kenako 1996, nthawi imeneyo ligi inkatchedwa MILL (Major Indoor Lacrosse League) isanakhale NLL (National Lacrosse League).

chemwali_22: Musaiwale John Tavares! Anasewera kuyambira 1992 mpaka 2015, zaka zonsezo timu imodzi, kenako anadzakhala kochi wawo. Ine munthu ameneyu ndimamupatsa ulemu zedi.

okonda_masewero: Eee 2015? Nde pakati apo zikho zinalipo?

mkulu_wa_zigoli: 2008 basi, kenako anadikira mpaka 2023, masapota anavutika mtima koma sanasiye kudzaza bwalo lawo, lomwe pano limatchedwa KeyBank Center.