Thandizeni: utsi wa sitima yonyamula ndege uzitulukira kuti?

Moni nonse akuluakulu. Ndikulemba mbiri ya asilikali apamadzi a dziko lopeka, koma ndaima pa sitima yawo yoyamba yonyamula ndege. Ndikufuna ikhale sitima yonyamula malasha yosinthidwa kukhala yonyamula ndege cha m'ma 1922, monga USS Langley, imene kale inkatchedwa Jupiter.

Vuto ndi utsi. Ndinayesa kutengera HMS Argus ya 1918, yosalala pamwamba, utsi wake ukutulukira kumbuyo, komatu ndege potera zimadzera komweko. Hōshō ya Japan ndiye yandisokoneza zedi: nsanja yowongolerapo sitima, yoima pambali pa bwalo la ndege, inali nayo, koma anaichotsa mu 1924.

Kodi dziko losauka, la akatswiri ochepa, likanasankha chiyani nthawi imeneyo? Nsanja ndi chumuni kumanja ngati HMS Hermes, kapena pamwamba posalala basi? Odziwa za sitima, chonde ndiunikireni.