Kachotupa m'phapo mwa wodwala amene anachotsedwa khansa ya m'matumbo

Mwale (kiliniko ofisa): Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi wodwala, abambo a zaka za m'ma 50. Chaka chatha anawachita opaleshoni ya khansa ya m'matumbo, chotupa chinali kumunsi kwenikweni, pafupi ndi kotulukira chimbudzi. Lipoti linati siteji 1, kutanthauza kuti khansa inali isanafalikire, ndiye chemotherapy (mankhwala opha khansa) sanalandire. Pano akutsokomola, aonda, ndipo X-ray ikuonetsa kachotupa kamodzi m'phapo lakumanja. GeneXpert sinapeze TB, sikani ya chiwindi ilibe vuto. Ndiwayambitse mankhwala a TB?

Sisita Nabanda: HIV mwawayeza, a Mwale?

Mwale: Eya Sisita, alibe kachilombo.

Dokotala Chirwa: Musayambe kaye, achimwene. Chiwindi chabwinocho chisakunamizeni. Magazi ochokera kumtunda kwa matumbo amayamba adutsa m'chiwindi, n'chifukwa chake khansa imakonda kufikira kumeneko. Koma kumunsi kuja kuli mitsempha ina yomwe imalambalala chiwindi, n'kukathira magazi mu vena cava, mtsempha waukulu wobwezera magazi kumtima. Akatero ulendo wa kumtima, kenako m'mapapo, ndiye khansa ikhoza kufika m'phapo osakhudza chiwindi. Tsegulaninso lipoti lija. Ma lymph node, tianabere tomwe khansa imayambira kufalikirako, anaunika angati? Pamafunika osachepera 12.

Mwale: Alemba 5 okha. Pansi pake pali mawu akuti lymphovascular invasion.

Dokotala Chirwa: Basi, siteji 1 imeneyo ine sindingaikhulupirire. Mwina node yodwala inatsala osaunikidwa, komanso mawu enawo akutanthauza kuti khansa inali italowa kale m'timitsempha. Chizolowezi chathu kuno n'chakuti aliyense wowonda ndi wotsokomola timamuganizira TB, ndipo nthawi zambiri timalondola, koma abambowa akangoyamba miyezi 6 ya mankhwala aja, mpata wochotsa kachotupako ukhoza kutha. Kakakhala kamodzi kokha, nthawi zina opaleshoni imatheka.

Kumwenda (labu): Tumizani magazi tiyeze CEA, chizindikiro cha m'magazi chomwe chimatha kukwera khansa ya m'matumbo ikabwerera. Ngati anayezedwa asanachitidwe opaleshoni, tipatseni nambalayo tiyerekeze. Muwafunsenso za fodya, chifukwa amakweza CEA pang'ono.

Sisita Nabanda: Ndipo pakutha chaka amayenera kuunikidwa m'matumbo ndi colonoscopy. Muone m'buku lawo lachipatala ngati zinachitika.

Mwale: Sizinachitike. Ndilembe zotani pa kalata?

Dokotala Chirwa: Atumizeni ku Kamuzu Central, kwa madokotala a khansa. Pemphani sikani ya CT ya chifuwa, mimba ndi m'chiuno, komanso biopsy (kutapa kanyama kokayeza ku labu) ya kachotupako ngati n'kotheka kukafikira. Lipoti lakale lija lipite nawo limodzi, osati kungolemba kuti siteji 1.

Mwale: Zikomo a Dokotala. Ndawaimbira achibale awo, abwera nawo mawa m'mawa kudzatenga kalatayo.